Lipoti: kuchepetsa methanol wodutsa mu nembanemba ya fuel cell popanda kutsekera maproton njira

Mmene vuto limaonekera

Selo imene lipotili likunena ndi yoyesera, ya mtundu wa DMFC (direct methanol fuel cell, selo yopanga magetsi mwachindunji kuchokera ku methanol), yokhala ndi malo ogwira ntchito okwana 25 cm². Imalandira methanol wosakaniza ndi madzi ku anode ndi mpweya wamba ku cathode, pa kutentha kwa 60 °C. Pakati pa anode ndi cathode, omwe ndi ma electrode awiri a selo, pali Nafion 117, nembanemba ya polima yodutsitsa maproton, yokhuthala 183 µm ikakhala youma. Ku anode kuli catalyst (chinthu chofulumizitsa kusintha kwa makemikolo) ya platinum ndi ruthenium, ku cathode kuli platinum yokha, mbali iliyonse mamiligalamu 2 mpaka 4 pa cm². Mpangidwe umenewu ndi umene malabotale ambiri akhala akugwiritsa ntchito chiyambire zaka za m'ma 1990, pamene akatswiri a ku Jet Propulsion Laboratory ndi University of Southern California anasonyeza kuti methanol wamadzi atha kuthiridwa mu selo mwachindunji.

Pa methanol wa 0.5 M kapena 1 M (M ndi ma mol a methanol mu lita imodzi) selo imayenda bwino. Vuto limabwera mukakweza kufika pa 2 M kapena 3 M. Voliteji imatsika m'malo mokwera, mbali ya cathode imatentha, madzi amatuluka ochuluka ku paipi ya mpweya, ndipo methanol amatha msanga kuposa mmene magetsi otuluka akusonyezera. Ngakhale selo isanalumikizidwe ku chilichonse, mita imawerenga 0.6 mpaka 0.7 V, pamene masamu amati pafupifupi 1.2 V.

Ku anode, molekyu imodzi ya methanol ndi imodzi ya madzi zimatulutsa CO2, maproton 6 ndi maelekitironi 6. Maproton amadutsa mu nembanemba, maelekitironi amadzera m'waya, ndipo onse amakakumana ndi okosijeni ku cathode n'kupanga madzi. Methanol amene wadutsa mu nembanemba asanagwire ntchito amakapeza platinum ndi okosijeni ku cathode n'kupsera pompo, popanda elekitironi ndi imodzi yomwe yodzera m'waya. Mafutawo apita pachabe, okosijeni wa cathode walandidwa, ndipo voliteji ya cathode yakokeredwa pansi chifukwa platinum yomweyo ikugwira ntchito ziwiri zotsutsana.

Phindu lothetsa vutoli n'lalikulu. Lita imodzi ya methanol weniweni ili ndi mphamvu pafupifupi 4.4 kWh, ndipo methanol weniweni ndi 24.7 M, pamene madzi a 1 M ali ndi methanol wongokwana 3 peresenti pa kulemera. Selo yofuna 1 M iyenera kukhala ndi mpope, choziziritsira nthunzi ndi njira yobwezera madzi a ku cathode kuti asakanizidwe ndi methanol wa m'katiriji, monga amachitira makina a EFOY a kampani ya SFC Energy ya ku Germany. Zipangizo zonsezi zimadya magetsi ndi malo, ndipo zimachepa nembanemba ikamalola methanol wamphamvupo.

Kutsimikiza kuti wolakwa ndi nembanemba

Voliteji yotsika ili ndi magwero ambiri, choncho nembanemba isaweruzidwe mbali zina zisanayesedwe. Yambani ndi anode. Tsekani mpweya ku cathode, muikeko hydrogen wonyowa, ndipo ndi potentiostat, chipangizo cholamulira voliteji, kwezani voliteji ya anode pang'onopang'ono kuchoka pa 0.2 V. Cathode tsopano ikungotulutsa hydrogen ndipo voliteji yake sisuntha kwenikweni, ndiye mzere umene mwapeza ukunena za anode. Ukakhala wabwino pa 1 M ndi pa 3 M pomwe, catalyst ya anode ilibe mlandu. Musapitirire 0.6 V kapena 0.7 V, chifukwa pamwamba pamenepo ruthenium imayamba kusungunuka ndipo mudzawononga chinthu chimene mukuyesacho.

Kenako yezani resistance ya selo pa 1 kHz kapena kupitirira, muichulukitse ndi malo ogwira ntchito. Nafion 117 yonyowa bwino imapereka 0.15 mpaka 0.25 Ω·cm². Mukapeza kawiri kuposa pamenepo, yang'anani kaye mabawuti, gasketi yokhuthala mopyola, kapena sodium ndi chitsulo zochokera m'madzi osayera zimene zalanda malo a maproton.

Muyeso wachitatu ndi umene umatchula wolakwa. Njira yake inafotokozedwa bwino ndi gulu la Xiaoming Ren ndi Shimshon Gottesfeld ku Los Alamos National Laboratory. Methanol apitirize kuyenda ku anode, ku cathode kuyende nitrogen wonyowa, ndipo voliteji ya cathode ikwezedwe mpaka pafupifupi 0.9 V. Methanol yense wofika ku cathode tsopano akupsa kudzera m'waya, ndipo karenti imakwera mpaka kufika poti sikweranso. Pamenepo ndiye muyeso wa methanol wodutsa. Pa Nafion 117, methanol wa 1 M ndi 60 °C, chiwerengerocho chimakhala chapafupi ndi 100 mA/cm², ndipo chimakwera pafupifupi molingana ndi mphamvu ya methanol. Dziwani kuti pa muyeso umenewu maproton akuyenda chobwerera, kuchoka ku cathode kupita ku anode, ndipo akukoka madzi ndi methanol kubwerera nawo. Chimene mwawerenga n'chochepa kuposa chenicheni ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 pa 1 M, ndipo kusiyanaku kumakula methanol akamakwera.

Ena amayeza CO2 wotuluka ku cathode selo ikugwira ntchito. Njirayi ndi yothandiza, koma imakokomeza, popeza CO2 wina wopangidwa ku anode nayenso amadutsa mu nembanemba n'kuwerengedwa ngati methanol.

Chifukwa chake Nafion imadutsitsa

Nafion inapangidwa ndi Walther Grot ku DuPont chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo lero imagulitsidwa ndi Chemours. Msana wake ndi wa fluorine ngati wa Teflon, wodana ndi madzi, pamene nthambi zake zimathera ku asidi wa sulfonic, wokonda madzi. Mbali ziwirizi zimapatukana kwambiri, moti madzi akalowa amapanga ngalande zotakata zolumikizana bwino. Chithunzi chimene Gierke anapereka mu 1981 chimanena za timatumba ta madzi ta 4 nm tolumikizidwa ndi timipata ta 1 nm. Akatswiri amasiyanabe maganizo pa maonekedwe enieni, koma onse amavomereza kuti njira zake n'zotseguka, ndipo n'chifukwa chake maproton amayenda mofulumira, pafupifupi 0.1 S/cm (siemens pa sentimita, muyeso wa kuyenda kwa maproton). Methanol ndi molekyu yaing'ono yosakanikirana ndi madzi kotheratu. Amadzera m'ngalande zomwezo. Chilichonse chimene mungachite kuti ngalandezo zipanikizike chimakhudza methanol ndi maproton omwe, ndipo ntchito yonse yagona pa kupeza chinthu chimene chimapweteka methanol kwambiri kuposa proton.

Palinso kukoka. Proton iliyonse ikamadutsa mu Nafion yomira m'madzi imapita ndi mamolekyu a madzi pafupifupi 2.5, ndipo amachuluka kukamatentha. Pa methanol mmodzi, maproton 6 amafikitsa madzi 15 ku cathode, kuphatikiza 3 opangidwa konko, onse 18. Madzi amenewa amatseka timabowo ta cathode, okosijeni n'kulephera kufika pa platinum.

Masamu a methanol wodutsa ndi afupi: i = 6 × F × P × C ÷ L. i ndi karenti yoimira methanol wodutsa pa cm², F ndi nambala ya Faraday, 96485 coulomb pa mol, P ndi liwiro limene methanol amalowerera mu nembanembayo, C ndi mphamvu ya methanol mu mol/cm³, L ndi kukhuthala kwa nembanemba yonyowa. Pa 25 °C, P wa Nafion 117 amapezeka pakati pa 1 ndi 2 × 10⁻⁶ cm²/s. Tikatenga 1.5 × 10⁻⁶, C wa 0.001 ndi L wa 0.02 cm, tipeza 43 mA/cm². Pa 60 °C P amaposa kawiri, ndipo tafika pa 100 mA/cm² ija. Masamu akagwirizana ndi muyeso chonchi, mumadziwa kuti nembanemba sinabooke, ikungochita mwa chibadwa chake.

Njira zimene zilipo

Kuwonjezera kukhuthala sikupita patali, chifukwa Nafion 117 ndi yokhuthala kale ndipo resistance imakwera pamlingo womwewo umene methanol watsikira. Njira yotchuka ndi yothira tizidutswa tolimba mu polima: silica yochokera ku TEOS (tetraethyl orthosilicate), zirconium phosphate, dongo la montmorillonite, kapena graphene oxide. Pa 1 mpaka 5 peresenti zimathandizako. Kupitirira apo tizidutswa timaundana, nembanemba imauma gwa n'kumang'aluka, ndipo pakati pa kachidutswa ndi polima pamatsala mpata umene methanol amadutsamo mwaliwiro kuposa kale. Pa dongo ndi graphene oxide pali msampha wina umene wasokeretsa ambiri. Tizidutswa take n'taphanthiphanthi, ndipo pouma timagona chopingasa. Mukayeza kuyenda kwa maproton motsata nkhope ya nembanemba, monga zimachitira zipangizo zambiri za mawaya anayi, chiwerengero chimakhala chokongola. Koma mu selo proton imaboola nembanemba kuchoka nkhope ina kupita ina, ndipo imakumana ndi makoma omwewo amene akutchinga methanol.

Njira ina ndi yokuta Nafion ndi kansalu kopyapyala kotchinga, monga anachitira a gulu la Paula Hammond ku MIT posanjikiza mapolima awiri mosinthanasinthana. Pa selo ino njira imene inasankhidwa ndi yosintha polima yeniyeniyo n'kuikapo SPEEK, yomwe ndi pulasitiki yolimba ya PEEK (polyether ether ketone) yoikidwa asidi wa sulfonic. Klaus-Dieter Kreuer wa ku Max Planck Institute ku Stuttgart anafotokoza mu 2001 kuti msana wa SPEEK ndi wosapindika msanga ndipo sudana ndi madzi kwambiri ngati wa Nafion, choncho ngalande zake n'zopapatiza, zanthambi zambiri, zina zothera panjira. Nafion ili ngati msewu wotakata, SPEEK ngati tinjira tokhotakhota. Methanol amavutika kudutsamo, ndipo proton imakoka madzi ochepa.

Kupanga SPEEK

Tengani PEEK ya ufa, monga Victrex 450PF, muiumitse pa 100 mpaka 120 °C usiku wonse. Magalamu 5 amalowa mu 100 mL ya sulfuric acid wa 95 mpaka 98 peresenti. Thirani ufawo pang'onopang'ono uku chotakasira cha mota chikuzungulira mwamphamvu. Chotakasira cha maginito chimaima madziwo akayamba kulemera. Ufa wonse usungunuke kaye pa kutentha kwa m'chipinda musanayatse chotenthetsera. Mfundo imeneyi anthu amaipeputsa, koma polima imayamba kulandira asidi ikangosungunuka. Ngati gawo lina likadali chibuma pamene lina lakhala kale maola awiri pa 50 °C, mudzapeza chisakanizo cha polima yodzaza asidi ndi ina yosowa asidi. Titration idzapereka avareji yooneka bwino, koma m'madzi otentha gawo lodzaza asidi lija lidzasungunuka n'kusiya timabowo.

Asidi amakhala pa mphete ya benzene imene ili pakati pa ma ether awiri, mmodzi pa chigawo chilichonse cha polima. Pa 45 mpaka 50 °C ntchitoyi imatenga maola ochepa. Pa kutentha kwa m'chipinda imatenga masiku, koma n'kosavuta kuimitsa pamalo oyenera. Botolo likhale lotseka kapena pansi pa nitrogen, popeza asidi wamphamvu amayamwa chinyontho cha mumpweya n'kufooka, ndipo kusinthako kumatulutsanso madzi. Ichi n'chifukwa chake maola olembedwa kwina sagwira chimodzimodzi kulikonse: tapani pang'ono ola lililonse, muyeze, mujambule mzere wa asidi wanu ndi ufa wanu. Asidi wa 100 peresenti, oleum ndi chlorosulfonic acid n'zachangu, koma zimamanga maunyolo a polima kapena kuwadula, ndipo chotulukacho chimakana kusungunuka kapena chimapereka nembanemba yophwanyika.

Poimitsa, thirani madzi ofiirawo mwa kamtsinje kopyapyala m'madzi a ayezi ochuluka kakhumi kapena kuposa, uku mukutakasa. Polima imagwa ngati ulusi woyera. Ulusi wonenepa umabisa asidi mkati, choncho uduleni musanatsuke. Tsukani mpaka pH ipitirire 5, ndipo dontho la barium chloride lisachititsenso mtambo m'madzi otsukira. Asidi wotsalira amanamiza miyeso yonse iwiri: IEC (kuchuluka kwa asidi mu galamu imodzi ya polima, mu meq/g) imakwera, maproton amaoneka othamanga, kenako asidiyo amatsukika mu selo ndipo zonse zimagwa. Ntchito yonseyi ndi ya m'kabati yokoka mpweya, ndi magalasi a maso ndi magolovesi.

Chigawo chimodzi cha PEEK chimalemera 288 g/mol, ndipo asidi amawonjezera 80. Ngati DS ndi gawo la zigawo zimene zalandira asidi, IEC = 1000 × DS ÷ (288 + 80 × DS). DS ya 0.50 ipereka 1.52 meq/g, ya 0.60 ipereka 1.79, ya 0.70 ipereka 2.03. Nafion 117 ili ndi 0.91 yokha koma imaposa zonsezi pa kuyendetsa maproton, chifukwa asidi wake ndi wamphamvu ndipo ngalande zake n'zolumikizana. Poyeza, viikani 0.100 g ya polima youma mu NaCl wa 1 M kwa maola 24, kenako muchite titration ndi NaOH wa 0.01 M ndi phenolphthalein. DS ya 0.60 idzafuna pafupifupi 17.9 mL. NMR, njira younikira kapangidwe ka mamolekyu, ya polima yosungunulidwa mu DMSO-d6 imatsimikizira chiwerengerocho.

SPEEK yokha ili ndi mpata wopapatiza. Pansi pa 0.50 maproton amayenda mochedwa. Pamwamba pa 0.70 nembanemba imatupa mopyola m'madzi otentha n'kufewa. Ndipo madzi osakaniza ndi methanol amaitupitsa kuposa madzi okha, moti nembanemba yooneka yolimba m'madzi pa 25 °C itha kukula m'litali ndi m'lifupi modabwitsa mu methanol wa 2 M pa 60 °C. Kutupa kuyezedwe m'madzi enieni amene selo idzalandire, pa kutentha kwenikweni.

Kusakaniza PBI ndi kuthira nembanemba

Pofuna kumanga kutupa, SPEEK ya DS ya 0.70 imasakanizidwa ndi polima ina pang'ono, yotchedwa PBI (polybenzimidazole), njira imene Jochen Kerres wa ku University of Stuttgart anaifufuza kwambiri. PBI ili ndi nitrogen imene imalandira proton kuchokera ku asidi wa SPEEK, ndipo maunyolo awiriwo amagwirana pamenepo. Mtengo wake ndi asidi amene wagwidwa. Chigawo cha PBI chimalemera 308 g/mol ndipo chitha kugwira maproton awiri, kutanthauza 6.5 meq/g. Pa PBI ya 5 peresenti, IEC yotsala ndi 0.95 × 2.03 kuchotsa 0.05 × 6.5, pafupifupi 1.60. Pa 10 peresenti imatsika kufika pa 1.18, ndipo pa polima yamtunduwu chiwerengerocho n'chochepa kale. Choncho 5 peresenti ndi poyambira pabwino, ndipo kusintha kulikonse kukhale kwa peresenti imodzi kapena ziwiri.

Mukangothira madzi a PBI m'madzi a SPEEK, ziwirizi zimagwirana nthawi yomweyo n'kugwa ngati zibuma zosasungunukanso. Tsekani kaye asidi wa SPEEK ndi triethylamine wopitirira pang'ono mlingo wa IEC, kenako muthire PBI yosungunulidwa ndi kusefedwa kale mu DMAc (dimethylacetamide, chosungunulira polima). Amine wina amauluka poumitsa, wotsala amachoka poviika mu asidi, ndipo kugwirana kumachitika polima zitasakanikirana kale bwino.

Nembanemba ya 100 cm² yokhuthala 60 µm imafuna pafupifupi 0.8 g ya polima, kapena 8 g ya madzi a 10 peresenti. Sefani, musiye thovu lituluke, muthire pa galasi loyera limene mwaliyeza kuti lagona mofanana. Galasi lopendekeka pang'ono limapereka nembanemba yopyapyala mbali imodzi, ndipo methanol ndi karenti zimathamangira kumeneko. Vundikirani mosatseka kotheratu ndipo muumitse pa 60 °C kwa maola 12, kenako pa 80 °C, pomaliza pa 120 °C mu uvuni wa vacuum. DMAc imawira pa 165 °C ndipo imayamwa chinyontho. Mpweya wonyowa ukafika pa nembanemba isanaume, imachita mbuu, chizindikiro chakuti mkati mwachita timabowo. Kuumitsa mothamanga kumapanga khungu pamwamba limene limatsekera DMAc mkati. Chosungunulira china, DMF (dimethylformamide), chipewedwe pa ntchitoyi, chifukwa DMF imagwirana ndi asidi wa sulfonic mwamphamvu, imakana kuchoka, ndipo imatsitsa kuyenda kwa maproton kwambiri.

Matulani nembanemba poviika galasi m'madzi, muiike mu H2SO4 wa 1 M kwa maola 24, mutsuke mpaka madzi asakhalenso ndi asidi. Chizolowezi chowiritsa Nafion mu hydrogen peroxide wa 3 peresenti chisabwere kuno, chifukwa peroxide wotentha amadya SPEEK.

Zimene ziwerengero zikunena

P amayezedwa m'chipangizo cha zipinda ziwiri, methanol uku, madzi uko, nembanemba pakati, ndipo methanol wowoloka amawerengedwa ndi gas chromatograph kapena refractometer. Zipinda zonse ziwiri zitakasidwe, apo ayi madzi oima pafupi ndi nembanemba amachedwetsa methanol ndipo P amaoneka wochepa monama. Kukhuthala kolowa m'masamu ndi kwa nembanemba yonyowa.

SPEEK ndi zosakaniza zake za IEC ya 1.5 mpaka 1.7 kawirikawiri zimayendetsa maproton pa ma S/cm ochepera a Nafion ndi theka kapena kuposa, pamene P wake amakhala m'chigawo cha 10⁻⁷ cm²/s. Tiyeni titenge 0.04 S/cm ndi 3 × 10⁻⁷ cm²/s. P watsika kasanu, ndipo apa ndi pamene ambiri amasangalala msanga. Nembanemba yotereyi singakhale yokhuthala 200 µm, chifukwa resistance yake ingakhale 0.5 Ω·cm². Pa 60 µm resistance ndi 0.006 ÷ 0.04, kapena 0.15 Ω·cm², poyerekeza ndi 0.20 ya Nafion 117. Methanol wodutsa pa 1 M ndi 25 °C ndi 29 mA/cm², poyerekeza ndi 43. Watsika ndi gawo limodzi mwa atatu, osati kasanu.

Chulukitsani resistance ndi methanol wodutsa: Nafion ipereka 0.20 × 43, SPEEK ipereka 0.15 × 29, theka lake. Kukhuthala kumafafanizika m'masamuwa, n'kutsala P wogawidwa ndi kuyenda kwa maproton. Phindu lenileni la polima yatsopanoyi ndi kawiri, ndipo wopanga selo amasankha komwe aliwonongere: nembanemba yopyapyala ya karenti yambiri, kapena yokhuthala ya methanol wamphamvu. Kawiri si phindu laling'ono. Koma lipoti lililonse lotchula P popanda kutchula kuyenda kwa maproton moboola nembanemba, pa kutentha komweko, silinanene kanthu.

Pamene phindu limatayikira: polumikizana nembanemba ndi ma electrode

Mu selo, SPEEK yosakaniza PBI imasonyeza msanga zabwino ziwiri. Voliteji ya selo yosalumikizidwa imakwera ndipo sigwa kwambiri pa 2 M, ndipo madzi a ku cathode amachepa, zomwe zimalola kuchepetsa mpweya wopopedwa. Vuto limene limabwera pambuyo pake ndi resistance: imayamba yokwera kuposa 0.15 ya masamu aja, ndipo imakwerabe selo ikazimitsidwa ndi kuyatsidwa kangapo. Mukamasula selo mumapeza electrode ikumatuka yokha, nkhope ya nembanemba ili yosalala ngati sinakhudzidwepo.

Magwero ake ndi atatu olukanalukana. Catalyst ya ma electrode ogulidwa imamangidwa ndi Nafion, imene imafewa pa 130 mpaka 140 °C n'kumatirira ku nembanemba ya Nafion popsinja. SPEEK youma simafewa mpaka pafupi ndi 200 °C, choncho pa kutentha kwa nthawi zonse mbali imodzi yokha ndiyo imafewa ndipo ziwirizi zimangokhudzana. Kukweza kutentha kapena mphamvu yopsinjira kumangophwanya timabowo ta pepala la kaboni. Chachiwiri, polima ziwirizi zimatupa mosiyana, moti kunyowa ndi kuuma kulikonse kumakoka malo olumikizanawo. Chachitatu ndi madzi okokedwa ndi maproton. Ku anode, Nafion ya mu electrode imabweretsa madzi ambiri kuposa amene SPEEK ingapititse, ndipo amaunjikana pamalire. Ku cathode zimatembenuka: Nafion imachotsa madzi ambiri kuposa amene SPEEK ikupereka, malirewo n'kuuma. Yu Seung Kim ndi Bryan Pivovar anafufuza nkhani ya malire imeneyi mozama ku Los Alamos.

Kuti mudziwe kukula kwa vutoli, thirani nembanemba zitatu za polima imodzimodzi, mwachitsanzo 40, 70 ndi 100 µm, muziike ma electrode ofanana, mujambule resistance molingana ndi kukhuthala. Kupendekeka kwa mzere kumapereka kuyenda kwenikweni kwa maproton moboola nembanemba. Pamene mzere wadula pa kukhuthala kwa ziro pamapereka resistance ya malire pamodzi ndi ya mbale ndi mawaya. Chitani chimodzimodzi ndi Nafion 212, 115 ndi 117, ndipo kusiyana kwa malo awiri odulawo ndiwo mlandu wa malire a SPEEK. Muyeso umenewu ndi wotopetsa, koma popanda iwo anthu amabwerera kukasintha DS ndi PBI kwa miyezi pamene polima inalibe vuto.

Chothandiza kwambiri ndi kusiya kupsinja ma electrode opangidwa kale, n'kupopera inki ya catalyst pa nembanemba penipeni, itagwidwa pa tebulo la vacuum lotentha 60 mpaka 70 °C kuti mowa wa mu inki uume usanatupitse polima. Poperani mopyapyala kambirimbiri. Inki yochuluka nthawi imodzi imakwinyitsa nembanemba. Kansalu kopyapyala ka Nafion, 1 mpaka 2 µm, kopoperedwa pa nkhope zonse ziwiri catalyst isanafike, kamapatsa electrode pogwira. Ku anode n'zotheka kumanga catalyst ndi SPEEK yomweyo kuti malire atheretu. Ku cathode Nafion ikhalebe, chifukwa okosijeni amalowerera mu Nafion mosavuta kuposa mu SPEEK, ndipo cathode yomangidwa ndi SPEEK imabanika pa karenti yambiri. Selo ikazimitsidwa isasiyidwe kuti iume. Madzi oyera atsale ku anode.

Malire a nembanembayi

Kugwirana kwa SPEEK ndi PBI kumamasuka m'madzi otentha kupitirira 70 mpaka 90 °C, ndipo kutupa kumabwerera. Nembanemba iyi ndi ya 60 °C ndi methanol wa 2 M, mwina 3 M ikakhala yokhuthalapo. Ya 5 M kapena 90 °C imafuna maunyolo omangidwa kotheratu, kapena polima yodzazidwa m'timabowo ta nsalu yolimba yosatupa, monga njira ya Takeo Yamaguchi ku Japan. Muyeso wa Fenton, peroxide wa 3 peresenti ndi chitsulo cha ma ppm ochepa pa 80 °C, umaphwanya SPEEK m'maola ochepa pamene Nafion imapirira, koma ndi wankhanza kuposa zimene zimachitika mu DMFC ndipo sungalowe m'malo mwa kuyendetsa selo kwa maola mazanamazana.

Pa kuyendetsa kotalikako, bwerezani miyeso itatu ija pa maola 100 aliwonse. Methanol wodutsa akamakwera pang'onopang'ono, nembanemba ikutupa kapena kupyapyala. Akalumpha mwadzidzidzi, yabooka, kawirikawiri m'mphepete mwa gasketi. Resistance ikamakwera methanol wodutsa osasintha, malire akumatuka. Zonse ziwiri zikakhala bwino koma voliteji ikutsikabe, yezani cathode ndi XRF kapena EDS, njira zodziwira zitsulo zimene zilipo: ruthenium yosungunuka ku anode imawoloka nembanemba iliyonse yoyendetsa maproton, ya Nafion ndi ya SPEEK yomwe, n'kukakhala pa platinum ya cathode, ndipo njira yothetsera vutoli ili mu catalyst ya anode ndi kusalola anode kusowa methanol selo ikugwira ntchito.